Majampa Awiri, Lofiira ndi Lakuda

Zakeyo anatsika pa kabaza ku Lupaso ali ndi jumbo yaikulu m'manja, mano onse ali pamtunda. Mwawi anamuonera pakhonde pomwe ankapesa tsitsi, ndipo anadziwiratu kuti bwenzi lakelo labwera kudzayamikidwa. Mwamuna akachita chinthu chimodzi chabwino amafuna mzinda wonse umuombere m'manja, ndipo Zakeyo sanasiyane ndi anzake.

"Ndawapeza," anatero asanapereke ndi moni womwe.

Sitingamunene kwambiri, pakuti chomwe chinamusangalatsacho chinali chachikulu. Chiyambire chibwenzi chawo, bambo ake a Mwawi, a Hudson Nyirenda, ankakana ngakhale kumva dzina lake. Iwo amakhala ku Usisya, komwe ali ndi boti lonyamula anthu ndi katundu kupita ku Nkhata Bay. Zoti mwana wawo wamkazi yekhayo akwatiwe ndi Mlomwe wa ku Thyolo, wosadziwa nyanja, wosamva Chitumbuka, kwa iwo zinali nthabwala. Koma dzulo lake, atabwera mu Mzuzu kudzaona mlongo wawo ku Kaning'ina, anamuimbira Zakeyo foni okha.

"Tabwereza mmene ananenera," anatero Mwawi. Anali atamva kale pafoni, koma mawu okoma sakwana kamodzi.

Zakeyo anakhwimitsa mawu kutsanzira mkuluyo. "Anati, 'Ndimwe a Zakeyo? Ndikumva mukufuna mwana wane. Tiyambe taona ngati mumatumika. Mundigulire majampa a pa boti. Limoza lofiira, limoza lakuda. Okhuthala chomene, aatali, osaopa maji. Mubwere nawo mawa ndisananyamuke.'"

"Ndiye wawapeza shopu iti?"

"Shopu? Ndasanthula kaunjika yense wa ku Zigwagwa."

Chipeso chinaima m'mutu mwa Mwawi.

Zakeyo anamasula jumbo ija monyadira. Anatulutsa juzi yofiira, yokhuthala ngati bulangete, yofika m'mawondo. Kenako anatulutsa yakuda, yokhala ndi nailoni m'mapewa.

"Waona apa? Madzi amangotsetsereka. Mphepo ya panyanja ija sidzawapezanso."

Mwawi anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mpaka kukhala pansi pa simenti, misozi ili mbwembwembwe. Akati ayankhule, diso linkagweranso pa juzi yofiirayo n'kuyambiranso.

"Zake," anatero atapezako mpweya, "adada akunena majampa a batire. Mawaya aja amalumikizira batire yakufa ku batire yamoyo kuti injini ilire."

Zakeyo anayang'ana majuzi, anayang'ana Mwawi.

"Kwathu jampa ndi juzi."

"Ndiye osafunsa?"

"Apongozi akuimbira koyamba, iwe uyambe kuwapanikiza ndi mafunso ngati wapolisi?"

Safunsa anadya phula, ndipo Zakeyo anali atatafuna lokwanira. Kuseka kwa Mwawi kunazilala atakumbukira khalidwe la bambo ake. Munthu akawabweretsera majuzi m'malo mwa mawaya, akanati mwina ndi chitsiru, mwina akuwanyoza. Zonse ziwirizo zikanatseka chitseko chomwe chinali chitangotseguka pang'ono. Ndipo masana omwewo anali kubwerera kunyanja.

"Tenga jumbo yako," anatero Mwawi akuvala nsapato. "Tiye m'tauni."

* * *

Majampa anali mbwee m'mashopu a zida za galimoto, koma Mwawi ankangowagwira n'kuwabweza. Iye anakulira m'boti la bambo ake asanabwere mu Mzuzu kusukulu, ndipo ankayenda akumuphunzitsa Zakeyo ngati mwana wa mkaka.

"Awa ngaafupi. Galimoto ziwiri umaziyandikiza mphuno ndi mphuno. Panyanja batire ikafa palibe wokukankha. Umaitana boti lina, koma silingakugunde chifukwa cha mafunde. Limaima apo, iwe uli apa. Waya afike."

"Nanga awa? Ngaatali."

"Ngowonda. Ukangotembenuza kiyi amatentha, labala n'kusungunuka m'manja mwako. Ndipo taona zopanira zakezi, zili maliseche. Boti likugwedezeka, manja anyowa, petulo ali pambali. Zikagundana ziwirizi ndi moto. Zifunika zovala labala mpaka kukamwa, zoluma mwamphamvu."

Zakeyo ankangogwedeza mutu. Manyazi anali atamugwira, koma mumtima ankamukonda kwambiri mkaziyu akamayankhula zinthu zomwe akuzidziwa, nsidze atazikweza, chala chili m'mwamba.

"Chachikulu ndi waya wa m'kati," anapitiriza Mwawi. "Akhale mkuwa weniweni. Chinyezi cha kunyanja chimadya waya wachabe mwezi usanathe. Ndipo mkuwa weniweni umalemera, usaiwale."

Shopu iliyonse yankho linali limodzi: "A pa boti? Pitani kwa Davie."

Atamva dzinalo kachitatu, Mwawi anaima pakona n'kupumira m'mwamba. Davie anali mwana wa a Boniface Mhango, mnzawo wa a Nyirenda wa kuubwana. Akuluakulu awiriwo anakwatitsa ana awo pakamwa anawo akadali kusukulu, ndipo Mwawi atakana, Davie anachita ngati sanamve. Mpaka pano ankamutumizirabe nyimbo zachikondi pafoni Lamlungu lililonse, ngati chopereka cha kutchalitchi.

"Ine sindilowa," anatero Mwawi. "Akandiona, adada amva lero lomwe kuti ndasankha ndine. Ndikhala mu saluni iyo. Chilichonse akakuonetsa, undilembere."

"Ukundiponya m'kamwa mwa ng'ona."

"Ng'ona yake ndi yamano apulasitiki. Pita."

* * *

Davie anali atatsamira kauntala, tcheni chagolide pakhosi. Atamuona Zakeyo anamwetulira kumwetulira kwa munthu amene nyama yadzibweretsa yokha.

"Monire a kumwera. Mwasochera?"

"Ndikufuna majampa a pa boti, achimwene."

"Boti? Ku Thyolo mwayamba kuyendetsa maboti m'minda ya tiyi?"

"Ndatumidwa."

Davie sanafunse kuti ndi ndani. Diso lake linatsikira pa jumbo yomwe Zakeyo anaika pansi, pomwe mkono wa juzi yofiira unali utatuluka. Anauyang'ana kanthawi, kenako anakalowa kuseri n'kubwera ndi majampa onyezimira, a m'chikwama chokongola chokhala ndi chithunzi cha mphezi.

"Awa ndiye mapeto. Taonani kunenepa kwake. Suzumirani waya apa, wofiira, mkuwa. Mdala aliyense wakunyanja akhoza kukupatsani mwana wake pa awa."

Zakeyo anatulutsa foni n'kulemba: *Wandipatsa onenepa. Waya wofiira.*

Yankho linabwera msanga: *Anyamule. Akulemera?*

Anawanyamula. *Ayi. Ngati mtolo wa udzu.*

*Asiye. Ndi labala yekhayekha. Mufunse ena.*

"Palibe ena?" anafunsa Zakeyo.

"Mukufunsira kwa loya?" anatero Davie akuloza foniyo ndi mlomo. Komabe anakoka pansi pa shelefu majampa ena, opanda chikwama, afumbi, omangidwa ndi chingwe. Anawaponya pakauntala ndipo anagwa ndi mdidi. "Awa anangotsalira. Onani nokha waya wake, woyera mbee. Aluminiyamu ameneyo. Koma ngati mukufuna kukachita manyazi, ndalama ndi zanu."

Zakeyo anasuzumira pomwe waya walowa m'chopanira. Analidi woyera ngati supuni. Mwawi anati mkuwa, ndipo mkuwa aliyense amaudziwa kuti ndi wofiira. Analemba msanga: *Ena olemera koma waya woyera. Nditani?*

Uthengawo usanapite, foni inathima.

Anaidina, anaigwedeza, anaipempha mumtima. Foni inangoti zii.

"Nayonso ikufuna majampa?" anafunsa Davie mokoma mtima kwambiri.

Zakeyo anaganiza zotuluka kukafunsa ku saluni, koma Davie akanamutsatira ndi maso mpaka pakhomo pake. Anaika foni m'thumba. Ananyamula onyezimira aja kudzanja lamanzere, afumbi aja kudzanja lamanja. Dzanja lamanja linatsika lokha. Anatambasula afumbiwo pansi ndipo anafika mpaka pakhomo la shopu. Anatsegula chopanira chimodzi, chinamuvuta kutsegula, ndipo atachisiya chinatseka ngati msampha. Labala anali atachikuta mpaka kukamwa.

"Mungandibwereke kampeni ndipale waya pang'ono?"

"Katundu wanga sapalidwa asanagulidwe."

"Chabwino. Ndipatseni afumbiwa."

Kumwetulira kwa Davie kunachepa. "Ndakuuzani kuti ndi aluminiyamu."

"Ndamva, achimwene. Koma amene anandiphunzitsa anati mkuwa umalemera, ndipo iyeyo sanandinamizepo."

Davie anakulunga majampawo. Zakeyo akutuluka, anamva kamera ya foni ikulira kumbuyo kwake.

* * *

Mwawi anamudikirira kuseri kwa saluni, nkhope ili gwaa.

"Bwanji unasiya kuyankha? Ndimayesa wakumeza."

Zakeyo anamuonetsa foni yakufayo, kenako anamupatsa phukusi. Mwawi analilandira, manja ake anatsika ndi kulemera, ndipo anasuzumira m'chopanira. Anatseka maso n'kutulutsa mpweya wautali.

"Ndalakwitsa?" anafunsa Zakeyo.

"Ndinaiwala kukuuza. A pa boti enieni amakhala oyera kunja. Mkuwa wake amaukuta kuti dzimbiri lisaupeze. Ofiira aja ndiye aluminiyamu wopakidwa mtundu." Anamugwira dzanja pagulu, zomwe sankachita kawirikawiri. "Ndikanasankha omwewa, Zake."

Zakeyo anatukula chifuwa. Chikomekome cha nkhuyu chinatsala pang'ono kumupha, ndipo anapulumuka yekha. Anayamba kale kukonza mmene adzaifotokozere nkhaniyi kwa adzukulu ake.

Foni ya Mwawi inalira. Unali uthenga wa Davie: chithunzi cha Zakeyo akutuluka m'shopu, mkono wa juzi yofiira ukulendewera pa jumbo. Pansi pake analemba kuti: *Majampa enawo ndawaona. Adada ako ndawauza kale asadandaule za mphepo.*

"Galu ameneyu," anatero Mwawi motsitsa. "Taya jumboyo. Tikakana. Tikati ndi majuzi ako."

"Ofika m'mawondo?"

"Zakeyo, adada sakonda kusekedwa."

"Sindinawaseke. Ndikayamba ndi bodza lero, ndidzawanamiza mpaka liti?" Anakolekera jumbo paphewa. "Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Itana kabaza."

* * *

Ku Kaning'ina kunkawaza kamvula kozizira kochokera kunkhalango. Anawalandira ndi a Hilda, mlongo wawo wa a Nyirenda, amene Mwawi ankawatchula kuti ankhazi. Iwo ankamukonda Zakeyo mobisa, ndipo pomulowetsa m'nyumba anamunong'oneza kuti, "Mugwade, ndipo musafulumire kuyankha."

A Nyirenda anali pampando wa pakona, chikwama chawo chaulendo chili kale pamapazi. Anali munthu wamfupi, wouma, wamanja okhakhala. Anavala jekete yopyapyala ndipo anali atapinda mikono pachifuwa. Zakeyo anagwada n'kupereka moni wa Chitumbuka womwe anauloweza pa kabaza. Mkuluyo anayankha mwachidule, maso ali pa phukusi.

Anamasula majampawo osafulumira. Anawayeza m'manja. Anatambasula waya mpaka kukhitchini. Anapanitsa chopanira pa mwendo wa tebulo n'kukoka, tebulo linasuntha koma chopanira sichinasiye. Kenako anatulutsa kampeni m'thumba n'kupala kawaya kamodzi. Pansi pa kuyera paja panatuluka kufiira.

"Hmm," anatero a Nyirenda.

Mwawi, amene anakhala pamkeka pafupi ndi ankhazi ake, anadziwa kuti "hmm" ameneyo ndi chiyamiko chachikulu chomwe bambo ake anaperekapo chaka chimenecho.

"Wasankha ndi njani?"

Zakeyo anakumbukira malangizo a a Hilda ndipo anayankha mosafulumira. "Anandiphunzitsa ndi Mwawi, bambo. Ine za maboti sindizidziwa. Koma m'shopumo ndinali ndekha, foni itathima. Ndinangogwira mawu ake."

"Ndiye mumamvera mwanakazi?"

"Akamanena zomwe akuzidziwa, eya."

A Hilda anatsokomola kubisa kuseka. A Nyirenda sanasinthe nkhope.

"Ndamva kuti lero mwagula majampa mitundu iwiri. Enawo ali nkhu?"

Mwawi anayang'ana pansi. Zakeyo anakoka jumbo ija n'kutulutsa juzi yofiira, kenako yakuda, n'kuziika patebulo ndi manja awiri.

"Sindinamve bwino, bambo. Kwathu jampa ndi chovala. Mutanena kuti okhuthala, osaopa madzi, ndinaganiza za mphepo ya mwera yomwe Mwawi amanena kuti imakupezani pakati pa nyanja m'bandakucha. Ndinati mwina mumazizidwa. Ndinachita manyazi kufunsa. Kulakwa ndi kwanga."

A Nyirenda anatenga juzi yakuda ija. Anaitembenuza, anasisita nailoni wa m'mapewa ndi chala chachikulu. Mwawi anayamba kupemphera chamumtima.

"Hilda," anatero potsiriza, "ana ndili nawo angati?"

"Asanu, adumbu."

"Asanu. Akabwera ku Usisya amafunsa kuti boti lapanga zingati, injini ili uli, usipa ulipo. Palije ndi mmoza anandifunsapo ngati ndimazizidwa." Anavula jekete yawo yopyapyala ija n'kulowetsa mutu m'juzi. Inawafika pafupi ndi mawondo, manja ake anameza zala zonse. Anaimirira, anadziyang'ana, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka.

Mwawi anali asanaonepo bambo ake akuseka chotero. Anaseka mpaka kugwira khoma, a Hilda nawo anagwa chagada pamkeka, ndipo Zakeyo, akadali chogwada, anaseka mochedwa ngati munthu amene wauzidwa kuti mlandu wathetsedwa koma sakukhulupirira.

"Chitsiru ndimwe," anatero a Nyirenda akupukuta maso ndi mkono wa juzi. "Kweni chitsiru chamtima. Dzukani, khalani pampando. Yofiirayi ndikapatsa anyina Mwawi, azikaoneka patali."

Mwawi anabisa nkhope m'chitenje n'kulira mwakachetechete. Chimwemwe chinamudzaza. Katundu amene anamusenza chiyambire kumukonda mnyamata wa ku Thyoloyu anamva akutsika, ndipo thupi linapepuka. A Hilda anabweretsa tiyi ndi mbatata, ndipo kwa nthawi yoyamba Zakeyo anadya pamodzi ndi bambo a bwenzi lake. A Nyirenda anamufunsa za makolo ake, za mpingo wake, ngati amamwa. Mayankho ena anawakonda, ena anangoti "hmm" wamng'ono.

* * *

Atamaliza tiyi, mkuluyo anapukuta manja n'kuwongola msana.

"Sono tamverani. Kwathu kuno mwamuna sabwera yekha kudzapempha mwana wa munthu. Amatuma thenga. Ndiye amayenda pakati, kunyamula mawu anu kubwera nawo kwa ine, kunyamula anga kupita nawo kwa imwe. Thenga akanena kuti mnyamata ndi wabwino, ife timamva. Akanena kuti pali chokayikitsa, timamvanso. Muli naye munthu kuno?"

"Abale anga onse ali kumwera, bambo. Koma ndikhoza kupempha mkulu wina wa kumpingo kwathu ku Masasa."

"Wa kumwera nayenso?"

"Wa ku Mulanje."

A Nyirenda anapukusa mutu. "Yayi. Tidzangogulirana majuzi. Pafunika munthu wodziwa mwambo wathu, wodziwa banja lathu, amene ine ndingamukhulupirire mawu ake. Musavutike, ndakupezerani kale. Ndinamuimbira muli m'njira. Ndi yemwe andiperekeze ku depoti."

Kunja kunamveka galimoto ikuima, kenako hutala. A Hilda anasuzumira pawindo, ndipo atatembenuka sanayang'ane Mwawi m'maso.

Chitseko chinatseguka. Analowa bambo wamtali, wonenepa, wa chipewa chachikopa, akukutumula madontho a mvula pamapewa. Kumbuyo kwake kunali Davie, makiyi akuzungulira pachala.

"A Boniface Mhango," anatero a Nyirenda mokondwa, atatambasula manja omezedwa ndi juzi. "Mnzanga wa kuubwana. A Zakeyo, thenga wanu ndi ameneyu."

Zakeyo anagwadanso. A Mhango anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, anamugwira dzanja ndi nsonga za zala, n'kumudutsa. Anapita molunjika pamkeka pomwe panali Mwawi, anawerama, nkhope yonse ikuwala.

"Monire, mkamwana wane," anatero.

Chitumbuka cha Zakeyo chinali chochepa, koma anayang'ana nkhope ya Mwawi, anayang'ana kumwetulira kwa Davie, ndipo sanafunikire womasulira. Munthu amene amayenera kukamupemphera mkazi anali atangomutchula mkaziyo kuti mpongozi wake.